Msilikali Wopuma Akapempha Uphungu ku Dowa

M'boma la Dowa muli malo awiri amene aliyense wolingalira za kayendetsedwe ka dziko lino ayenera kuwasunga m'mutu. Chakum'mawa, panjira yotsikira ku Salima, kuli Mvera, kumene kumakhala gulu la asilikali athu. Kufupi ndi pa Boma penipeni, pachitunda cha mphepo yozizira, kuli Dzaleka, kumene kale kunali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa nkhondo m'maiko awo. Tikuwatchulira pamodzi malo awiriwa chifukwa cha funso limene limabuka chisankho chikamayandikira: munthu amene anatumikira dziko m'gulu la nkhondo, napuma pantchito, akabwera kudzapempha kuti timutume ku Nyumba ya Malamulo, timuyese ndi muyeso wotani?

Funso limeneli limagwera inu aphunzitsi ndi inu ogwira ntchito m'boma, pakuti anthu kumudzi akasokonezeka ndi zonena za pamsonkhano amabwera kwa inu kudzafunsa nzeru. Mayankho amene timamva kawirikawiri ndi awiri, ndipo onse ngofulumira. Ena amati msilikali ndi munthu wa mwambo, wosunga nthawi, wosaopa, choncho mpatseni mpandowo. Ena amati msilikali amadziwa mfuti ndi kuguba basi, za malamulo asiyire ophunzira. Onsewa aweruza yunifolomu, koma munthu wovala yunifolomuyo sanamuyang'ane.

Tiyambe ndi zimene lamulo likunena, poti n'zosavuta. Gawo 51 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malaŵi limati wofuna uphungu akhale nzika ya dziko lino, akhale atakwanitsa zaka 21, akhale wolembedwa m'kaundula wa oponya voti, ndipo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atengeko mbali m'zokambirana za m'Nyumbamo. Gawo lomwelo limaletsa munthu amene m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo anapezeka wolakwa kukhoti pa mlandu wa kusakhulupirika, ndiponso limaletsa msilikali kapena wapolisi amene adakali pantchito. Ndiye kuti msilikali ayenera kuvula yunifolomu kaye asanapereke mapepala ake ku bungwe loyendetsa zisankho, monga momwe mphunzitsi wa boma kapena mlembi wa ku ofesi ya DC ayenera kutula pansi ntchito yake. Za udindo umene munthu anafikapo m'gulu la nkhondo lamulo silifunsa. General ndi msilikali wamba amalowera khomo limodzi. Nkhani ya Chingerezi siyachilendo: ngakhale pa chisankho cha 1978, chipani chili chimodzi, ofuna uphungu ankayesedwa Chingerezi asanaloledwe kupikisana.

Lamulo likangomutsegulira khomo, ntchito yotsala ndi yathu. Ndipo tinene mosabisa kuti msilikali wa dziko lino sabwera chimanjamanja. Mbiri imene amaisenza njaitali. Pa nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918 dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ku gulu la King's African Rifles, ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, ndipo chipilala cha ku Zomba chimakumbutsa amene sanabwerere. Pa nkhondo yachiwiri ana a dziko lino anamenya ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu linachokera ku malo a m'malire a Kenya ndi Ethiopia kumene anamenyako mu 1940. Kuyambira 1987 asilikali athu analondera njanji ya ku Nacala m'kati mwa nkhondo ya ku Mozambique kuti katundu wa dziko lino azidutsa. Mu 2013 analowa m'gulu lapadera la United Nations kum'mawa kwa Congo, pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu Meyi 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene imaperekedwa chifukwa cha kulimba mtima kwapadera. Mu Januwale 2025 enanso atatu anafa kum'mawa kwa Congo komweko ali m'gulu la SADC.

Munthu wochokera m'ntchito yotereyi amadziwa zinthu zimene ambiri a m'Nyumba ya Malamulo anangozimva pa wailesi. Anagona m'hema limodzi ndi Mtumbuka, Myao, Mlomwe ndi Msena, ndipo anaphunzira kuti pankhondo safunsa kwanu. Ngati anali mkulu wa gulu, anawerengapo matumba a ufa, mafuta a galimoto ndi malipiro a anthu mazanamazana, nayankha pa chilichonse chosowa. Kwa anthu a ku Dowa palinso china. Ambiri mwa okhala mumsasa wa Dzaleka anachokera ku Congo, ena ku Burundi ndi ku Rwanda. Msilikali amene anatumikira ku Beni kapena ku Goma anaona ndi maso ake midzi imene anthuwa anaithawa. Phungu wotere sangauzidwe nthano za msasawu mosavuta, kaya nthanozo n'zowanyoza kaya n'zowakometsera.

Zonsezi n'zoona, koma sizikutha nkhani. Kuti tione chimene chatsala tiyenera kuwoloka malire kupita ku Lusaka, kumene anthu ambiri amalankhula chinenero chathu chomwechi, ndi kumene kuli chitsanzo chooneka bwino cha msilikali amene anapempha uphungu naupeza.

Malemu a Christon Tembo anali mkulu wa asilikali a dziko la Zambia kuyambira 1985 mpaka 1987, pa udindo wa Lieutenant General. Atachoka pamenepo a Kenneth Kaunda anawatumiza kukakhala kazembe ku West Germany. Mu 1988 anamangidwa powaganizira kuti ankakonza zolanda boma, ndipo amene anatsogolera maloya owaimira pa mlanduwo anali a Levy Mwanawasa. Anatuluka mu 1990 pamene a Kaunda anamasula omangidwa pa zifukwa za ndale. Chaka chotsatira, pa chisankho cha 31 Okutobala 1991, anaimira chipani cha MMD ku Chawama, dera la anthu wamba mumzinda wa Lusaka, ndipo anapambana. Taonani zimene ovota a ku Chawama anali nazo patsogolo pawo: munthu amene analamulapo gulu lonse la nkhondo, anaimirapo dziko kunja, ndiponso analawapo ndende ya boma limene ankalitumikira. N'kovuta kupeza msilikali wopuma wokhala ndi mbiri yoposa imeneyi. Anakhala nduna yoona za alendo odzacheza m'dziko, kenaka nduna yoona za maiko akunja, ndipo mu Disembala 1997 a Frederick Chiluba anawasankha kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko.

Tsono tiyang'ane zimene zinachitika m'zaka zimene anali pamipandoyo. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inasintha malamulo kuti wofuna upulezidenti akhale woti makolo ake onse anabadwira m'Zambia. Aliyense ankadziwa amene ankasakidwa: makolo a a Kaunda anachokera kuno ku Nyasaland. A Tembo anali nduna m'boma limene linabweretsa lamulolo. Mu Okutobala 1997 asilikali ena, motsogozedwa ndi amene ankadzitcha Captain Solo, anayesa kulanda boma nalephera. Boma linalengeza kuti dziko lili pangozi, anthu anamangidwa, ndipo pa tsiku la Khirisimasi a Kaunda nawonso anatsekeredwa. Pa tsiku limenelo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko anali munthu amene iye mwini anakhalapo m'ndende pa mlandu wa mtundu womwewo. Sitikunena kuti a Tembo ndiwo analamula zimenezi. Tikunena kuti anali m'boma limene linazichita, ndipo anakhalamobe.

Tsiku lawo linafika mu 2001. A Chiluba atayamba kufuna kusintha malamulo kuti alamulire kachitatu, a Tembo anakana poyera, pamodzi ndi nduna zina ndi aphungu ambiri a chipani chawo chomwe, kuphatikizapo msilikali wina wopuma, Brigadier General Godfrey Miyanda, amene anakhalaponso wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira 1994 mpaka 1997. Anachotsedwa m'chipani ndi m'boma. Koma mu Meyi chaka chomwecho a Chiluba analengeza kuti sadzaimanso. A Tembo anatsogolera chipani chatsopano cha Forum for Democracy and Development, ndipo pa chisankho cha mu Disembala 2001 anakhala achitatu ndi mavoti pafupifupi 13 pa 100 alionse. Wopambana anali loya wawo uja, a Mwanawasa. A Tembo anamwalira mu Malichi 2009.

Tikaunika moyo umenewu, chimene anthu a ku Zambia amawakumbukira nacho kwambiri a Tembo monga wandale ndi tsiku limene anakana mawu a bwana wawo. Nyenyezi za paphewa zinawathandiza kupeza mpando. Pampandopo chinafunika n'chinthu chimene ku balaki sachiphunzitsa kwenikweni. Ku balaki lamulo limachokera kumwamba, ndipo wolandira amayamba wachita, kudandaula pambuyo. Ziyenera kutero, pakuti gulu la nkhondo lokambirana lamulo lililonse silingapambane. Ku Nyumba ya Malamulo zinthu zinatembenuzidwa dala. Phungu amatumidwa ndi anthu a pansi kuti akafunse a pamwamba: ndalama izi zapita kuti, lamulo ili likapweteka yani, nduna iyi yachitiranji chakuti. Phungu amene amaona mtsogoleri wa chipani ngati mkulu wa asilikali, ndi mawu a chipani ngati lamulo la pa perete, amakhala atabwerera ku balaki ngakhale wavala suti.

Ife a Malaŵi sitiyenera kupita ku Lusaka kuti tidziwe mtengo wa Nyumba ya Malamulo yongomvera. Umboni wake uli pachitunda cha Dzaleka. Mu Seputembala 1964, patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, nduna zinasiyana maganizo ndi Dr. Kamuzu Banda pa nkhani zoti aphungu akanatha kuzikambirana modekha: tiki imene odwala ankayenera kulipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma malinga ndi lipoti la Skinner, kuchedwa kupereka maudindo kwa eni dziko, ndi ubale ndi Apwitikizi. A Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo anachotsedwa. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Masauko Chipembere anatula pansi maudindo. Pa 8 ndi 9 Seputembala Nyumba inakumana ndipo inavomereza kuti ili pambuyo pa Nduna Yaikulu. M'miyezi yotsatira boma linapatsidwa mphamvu zotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Mu 1966 Nyumba yomweyo inavomereza kuti chipani chikhale chimodzi, inavomerezanso lamulo lolanda katundu wa munthu amene boma lamuganizira, ndipo mu 1971 inavomereza upulezidenti wamuyaya.

Anthu ambiri ogwidwa ndi malamulo amenewa anathera ku Dzaleka. Dzina lomwelo limanena zimene womangidwa ankayembekezeka kulonjeza: ndidzaleka. Kunapita oganiziridwa kuti ankatsatira nduna zija. M'zaka za 1975 ndi 1976 kunadzaza a Mboni za Yehova, amene mpingo wawo unaletsedwa mu 1967 ndipo ankazunzidwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Masiku amenewo mwana aliyense wa sukulu ankaloweza nsanamira zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Tionetsetse kuti zinayi zonsezi ndi makhalidwe abwino a msilikali. Palibe cholakwika pa chilichonse mwa izo. Cholakwika chinali kuzisandutsa muyeso wa phungu, mpaka Nyumba yonse inaguba ngati gulu limodzi. Aphungu a nthawi imeneyo sanali asilikali; ambiri anali aphunzitsi, alembi ndi amalonda. Choncho matenda ongomvera si a msilikali yekha, ndipo mphunzitsi wowerenga pano asadzione wotetezeka. Amene anaoneka ngati akufunsa mafunso anaona zakuda: mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, ndipo dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto.

Chilungamo chikutikakamiza kunenanso mbali inayo. Asilikali a dziko lino, pa nthawi zimene dziko linali pamphambano, anasonyeza kuti amasiyanitsa kumvera munthu ndi kumvera malamulo. Mu Disembala 1993, asilikali awiri ataphedwa ndi a Payoniya ku Mzuzu, gulu la nkhondo linalanda zida za a Malawi Young Pioneers m'dziko lonse pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani. Mphamvu zonse zinali m'manja mwawo sabata imeneyo, koma boma sanalande. Anabwerera ku balaki, ndipo chisankho cha 17 Meyi 1994 chinachitika. Mu Epulo 2012, a Bingu wa Mutharika atamwalira, panali ena ofuna kulambalala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, koma General Henry Odillo anaima pa zimene malamulo akunena, ndipo Mayi Joyce Banda analumbira pa 7 Epulo. Mu 2019 ndi 2020, pansi pa General Vincent Nundwe, asilikali anateteza anthu ochita zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho. A Nundwe anachotsedwa pa udindo mu Malichi 2020, nabwezeredwa mu Seputembala chaka chomwecho boma litasintha. Msilikali wopuma wochokera m'mwambo umenewu angathe kukhala phungu wabwino koposa. Aphungu wamba nawonso anachitapo zawo: pa 4 Julayi 2002 bilu yochotsa malire a nthawi ya upulezidenti inagwa chifukwa inaperewera mavoti atatu okha. Mavoti atatu. Ndiye kukula kwa mpando umodzi kumeneko.

Choncho pomuyesa msilikali wopuma tisakhutire ndi mamendulo, ngakhale tiwalemekeze. Safunsa anadya phula. Timufunse kuti anapuma bwanji pantchito, pakuti kupuma mwaulemu ndi kuchotsedwa n'zosiyana, ndipo kuchotsedwa chifukwa cha kuba n'kosiyana ndi kuchotsedwa chifukwa chokana lamulo loipa. Asilikali amene anali pansi pake alipo m'midzi yozungulira Mvera, ku Mponela ndi ku Ntchisi. Iwo akudziwa ngati chakudya chawo ndi ndalama zawo za ku Congo zinkafika zonse. Timuonenso chikhalidwe chake chipumireni: kodi pa msonkhano wa komiti ya sukulu kapena ya chitukuko amatha kukhala pansi mayi wosaphunzira akumutsutsa, kapena amayamba kukuwa ngati ali pa perete? Kodi mfumu amaipatsa ulemu wake? Izi inu aphunzitsi mumaziona msanga kuposa wina aliyense, chifukwa misonkhano yambiri imachitikira m'makalasi mwanu.

Pali funso lina lovutirapo. Malamulo anakhazikitsa komiti ya aphungu yoona za chitetezo, ndipo n'zachidziwikire kuti phungu amene anali msilikali angafunidwe m'komiti imeneyo. M'menemo ubwino wake ndi ngozi yake zimakhala pamodzi. Amadziwa mtengo weniweni wa nsapato, mafuta ndi zida, ndiye sanganamizidwe. Koma amene ayenera kuwafunsa ndi anzake amene anaphunzira nawo ku Salima, ena ndi amene anamupulumutsapo. Nkhani ya Cashgate ya 2013 inakhudzanso ndalama zolipirira katundu wa asilikali, ndipo mawu akuti chinsinsi cha chitetezo akhala akutseka pakamwa aphungu ambiri. Tiyenera kumva kuchokera pakamwa pake ngati adzatha kufunsa mnzake wakale kuti risiti ili kuti. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo gulu la nkhondo limene timalinyadira likufuna mnansi wotere m'Nyumbamo.

Tibwerere ku Dzaleka ya masiku ano, pakuti kumeneko kuli ntchito yeniyeni yodikira phungu. Msasawu unakonzedwa kuti usunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000; pofika 2023 anali atapitirira 50,000. Pamene dziko lino linkavomereza pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo, linakana kudzimanga pa mfundo zina, monga ufulu woyenda ndi kukhala kulikonse, wolembedwa ntchito, ndi wophunzira m'sukulu za boma mofanana ndi nzika. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, la nthawi imene tinkasunga abale athu a ku Mozambique, ndipo pofika chisankho cha 16 Seputembala 2025, chimene chinasankha aphungu a madera 229, linali lisanalowedwe m'malo ndi lina. Mu Meyi 2023 apolisi, mothandizidwa ndi asilikali, anagwira othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda mumzinda wa Lilongwe. Ambiri, kuphatikizapo ana, anayamba asungidwa ku ndende ya Maula asanatumizidwe ku Dzaleka. Asilikali anachita zimene analamulidwa. Kufunsa ngati lamulolo linali lanzeru inali ntchito ya aphungu.

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo anthu a ku Dowa akuzidziwa zonse. Midzi yozungulira msasa imadandaula za nkhuni, madzi ndi malo olima, ndipo amalonda ang'onoang'ono m'matauni amadandaula za mpikisano. Midzi yomweyo imagulitsa chimanga, nyemba ndi ndiwo zamasamba ku msika wa mumsasamo, ndipo muli achinyamata amene anabadwira momwemo, amalankhula Chichewa ngati ife, amakhoza mayeso a MSCE, koma lamulo silikuwalola kukagwira ntchito kunja kwa msasa. Msilikali wopuma amene anaona kumene makolo awo anathawa, akaima pa msonkhano ku Dowa kapena ku Ntchisi n'kuyamba kufotokoza za Beni ndi Nacala, timumvetsere mpaka amalize. Akamaliza, mmodzi wa inu aimirire mwaulemu, amufunse maganizo ake pa lamulo la 1989, mfundo imene angaisinthe ndi imene angaisiye, ndi zimene adzachite ngati chipani chake chidzamuuza kuti avote motsutsana ndi zimene wayankhazo.